Nsalu ya Mayi Domingas

Perpétua anamuona koyamba ku chigayo cha ku Domwe, m'mawa wina wa mwezi wa Junyu chaka cha 1970, chisanu chikulowa mpaka m'mano. Anali atatula dengu la chimanga pamzere pomwe mnyamata wina anatsika pa njinga yonyezimira, atavala jekete lija amati kazako, lalikulu moti zala zake sizinkaoneka.

"Achemwali, mwaona zimene mwachita?"

"Ndachita chiyani ine?"

"Ine ndimapita ku Kalomwe. Njingayi itangokuonani, yakhota yokha!"

Perpétua anayesa kukwinya nkhope koma mano anamupereka. Mnyamatayo anati dzina lake ndi Anselmo, ndipo amagulitsa mu loja, sitolo ya mmwenye, kutsidya kwa malire, ku Dedza. Tsikulo ufa wa Perpétua unapita kwawo pa njinga, mwiniwake akutsatira pambuyo, mtima uli phaphapha.

Atamva kuti mtsikanayo anaphunzira kuwerenga kwa masisitere ku Fonte Boa, Anselmo anayamba zamakalata. Ankalemba yekha, kubweretsa yekha, n'kuima pomwepo kudikira kuti awerengedwe.

"Mbaula yanga ya mu Junyu," inatero kalata yoyamba, "popanda iwe ndine dimba lopanda madzi. Ndidzakumangira nyumba ya malata, mvula izidzatiimbira nyimbo."

Ndani akanapirira mawu otere? Perpétua anagwa m'chikondi ngati nkhuku yogwera m'nkhokwe.

Kenaka zinayamba mphatso. Sabata ino poto, sabata yamawa nyali, mwezi wotsatira bulangete. Amayi ake a Perpétua, a Florinda, omwe anali amasiye, analandira tambala ndi mbuzi yaikazi. Iwo okha ndiwo ankafunsa mafunso.

"Apongozi, poto wa m'loja amakhala ndi mwaye kunsi?"

"Ndi wa ku Joni ameneyo, amayi. Azungu amayamba amuyesa pamoto asanatumize."

"Nanga mbuziyi bwanji ikungolira kuyang'ana kutsidya kwa mtsinje, kumudzi kwa a Martinho?"

"Ikupereka moni, amayi. Ndi mbuzi yaulemu."

Perpétua anawakalipira amayi akewo. Munthu akupatseni mbuzi, inu muziifunsa kwawo?

Mvula itayamba kukata, ankhoswe anagwirizana kuti ukwati ulengezedwe m'kapela ya m'mudzimo pa Lamulungu la Kanjedza. Loweruka lake Anselmo anabwera ndi nsalu ya kapulana, yobiriwira, ya zithunzi za nkhanga.

"Uchi wanga, mawa uvale iyi. Angelo akakuona adzaiwala nyimbo zawo."

Nsaluyo inkanunkha utsi pang'ono, koma Perpétua anati mwina ndimo zimanunkhira za ku Joni.

Kutacha anakhala kutsogolo kwa amayi onse, kanjedza kumanja, khosi litasomphoka ngati la tsekwe. Ansembe sanabwere tsikulo, choncho amene ankatsogolera mapemphero anali akatekisita, a Bonifácio. Atawerenga za masautso a Ambuye, anavula magalasi awo omangirira ndi ulusi.

"Abale anga, mwamva zimene asilikali aja anachita? Munthu ali pamtanda, akulira ludzu, iwo ali pansi kuchitira mayere malaya ake! Mukuwada asilikaliwo, eti? Nanga aja amakhala kuseri kwa kantina ku Kalomwe, njuga zili m'manja? Njuga sibala chimanga, sibala nyemba. Ukadya pa njuga wadya za m'nkhokwe ya mnzako, ndipo mnzakoyo ndi mmphawi ngati iwe. Akuvulidwa malaya lero ndi ana ake."

"Zoona!" anafuula Perpétua, kuti anthu acheuke aone nsalu.

Anacheukadi. Ndipo pomwepo anamva wina akumukoka kumbuyo. Anaganiza kuti ndi mwana, koma kukokako kunapitirira. Anali mayi Domingas, akazi a Martinho, atabereka khanda lawo ndi chiguduli.

"Mwanawe," ananong'ona, "tatembenuza ngodyayo. Palibe posokedwa ndi ulusi wofiira?"

Perpétua anatembenuza. Ulusi wofiira unalipo.

Mapemphero atatha, nkhani inaphulika pabwalo la kapela, ukwati usanalengezedwe n'komwe.

"Nsalu yanga iyi!" analira a Domingas. "Ndinagula nditagulitsa kachewere wa chaka chathunthu. Amuna anga awa anaitenga pachingwe, ati yabedwa. Poto anapita, bulangete linapita, mbuzi inapita. Ana anga akufunda masaka, ndipo ndimaphikira m'phale lobwereka!"

A Martinho ankangoyang'ana zala za kumapazi. Apo mkulu wina analoza Anselmo.

"Kazako ameneyo ndi wanga! Ndinadyedwa pa njuga pa Pasaka wa chaka chatha."

"Njingayo ndi ya achimwene anga!" anatero mayi wina.

Anselmo anayesa kubisala kuseri kwa kanjedza wake, koma kanjedza sabisa munthu wamkulu.

"Anselmo," anatero Perpétua, "loja ya mmwenye ija ili kuti?"

"Mtima wanga, ilipo ndithu. Kungoti ine ndimakhala kuseri kwake."

"Wandiveka nsalu yakuba?"

"Sindinabe ine! Ndinadya mwachilungamo. Ndipo ndimayamba ndapemphera ndisanagawe njuga. Ndi Mulungu amene amandipatsa mwayi."

"Nanga a Martinho amapemphera kwa yani?" anafunsa a Bonifácio.

"Inenso ndimapemphera kwa yemweyo," anayankha a Martinho motsitsa mawu.

Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Perpétua yekha sanaseke. Ankayang'ana khanda la a Domingas, lomwe chiguduli chinali chitalikanda khosi mpaka kufiira. Miyezi yonseyi iye ankagona mofunda, ana a eni bulangete akunjenjemera kutsidya kwa mtsinje! Kodi chikondi chake chinali chimenechi?

Anapita kuseri kwa kapela ndi amayi awiri, anavula nsaluyo, n'kumangirira mpango wa amayi ake pamwamba pa diresi lakale. Nsaluyo anaipereka atagwada.

"Pepani, mayi. Sindinadziwe."

Analira masiku atatu. Tsiku lachinayi iye ndi a Florinda anasenza poto, nyali ndi bulangete, n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo kubweza kwa eni ake. Mbuzi sinafune kufunsira njira, inawatsogolera yokha mpaka kwa a Martinho, kamwana kamene inaswa kakudumpha pambuyo. Vuto linali tambala, poti anali atadyedwa kalekale pa ubatizo. A Florinda anapereka thadzi lawo loikira mazira, akudandaula njira yonse.

"Ndinanena ine! Mkamwini wanji wosakhala ndi matuza m'manja?"

Panapita miyezi iwiri. Makalata anayi anabwera, Perpétua anawabweza osatsegula, ngakhale kuti iliyonse inkamuwotcha m'manja. Chisanu chitabweranso, tsiku lina ali kudimba akupalira kachewere, anaona munthu akutsetsereka wapansi, wopanda kazako, wopanda nsapato, akunjenjemera ngati mwanapiye wonyowa.

"Perpétua, mbaula yanga..."

"Mbaulayo inazima. Mukufuna chiyani, a Anselmo?"

Mawu akuti "a Anselmo" anamulasa kuposa chisanu. Anagwada m'matope momwemo.

"Ndabweza zonse. Njinga, kazako, ngakhale lamba, n'chifukwa chake ndagwira buluku chonchi. Ndakalapa kwa ansembe. Ndakhala ndikulima kudimba kwa a Bonifácio. Taona manja angawa!"

Anatambasula dzanja limodzi, linalo likugwirabe buluku. Matuza analipodi, enieni, ena ataphulika. Mtima wa Perpétua unayamba kusungunuka. Suja amati wolapa akhululukidwe? Suja iye yemwe ankalota mnyamatayu, ngakhale wopanda njinga? Anaika khasu pansi.

"Ukunena zoona, Anselmo? Njuga wasiyadi?"

"Ndasiya, uchi wanga! Mpaka imfa!"

"Anthu amati wanjuga sasiya."

Anselmo anadzuka, maso akuwala, chimwemwe chitamukwera kumutu.

"Anthu ati? Abwere tibetcherane! Iwenso ngati ukukayika, ika nkhuku imodzi, ine ndiika bulukuli. Ikafika Khirisimasi ndisanagwire njuga, nkhukuyo ndi yanga!"

Anselmo anamva yekha zimene pakamwa pake pananena, ndipo anatseka pakamwapo ndi manja onse awiri. Buluku linatsikira m'maondo.

Perpétua anaseka, misozi ikutsika, osadziwa ngati ndi ya chiseko kapena ya chisoni. Kenaka anatola khasu lake, napukuta m'maso ndi mkono.

"Kokani bulukulo muzipita, a Anselmo. Apa mwadyedwa."