Pasita M'chikwama cha Apongozi

Ndikulumbira, mphezi ing'ambe nsapato zangazi ndili momwemo ngati muli bodza m'nkhani iyi. Zinachitika ku Lunzu m'chaka cha 2091.

Masiku amenewo nyumba iliyonse yodzilemekeza inali ndi Namphika, makina a mikono inayi omatidwa kukhoma la khitchini. Namphika ankaphika chilichonse, ndipo anali ndi diso lounika m'mimba mwa munthu kuti aone ngati chakudya chakhazikika bwino. Chilema chake chinali chimodzi: sankadziwa manyazi.

Fanuwelo Chimbalanga anagula wake sabata imene apongozi ake, mayi Nasibeko, ankabwera kudzacheza. Chikwatirireni Esinati, iye ndi mayiwo anali asanalankhulanepo. Akakumana panjira, wina ankakhotera m'chimanga. Tsono Fanuwelo ankafuna kuti mayiwo akanene kumudzi kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu weniweni.

"Phika cha ku Italy," anatero Fanuwelo.

Mikono inayamba ntchito. Wina ukuwiritsa pasita, wina ukukazinga hamu, nyama ya nkhumba ija youmika ndi mchere, wina ukuthira nsawawa ndi bowa, wachinayi ukutakasa kirimu ndi tchizi mpaka msuzi kuyera kuti mbee.

"Ndikafunse alendo zimene sadya?" anafunsa Namphika.

"Iwe, apongozi safunsidwa mafunso. Phika."

Esinati anali asanaweruke kuntchito. Makina anatambasula mkono n'kupereka mbale kwa mayiwo pabalaza, Fanuwelo atabisala kuseri kwa chitseko. Mbale inabwerera yopanda kanthu. Mtima wa munthu unavina.

Esinati atangolowa, Namphika analengeza ndi mawu ngati a pawailesi.

"Lipoti la chakudya. M'mimba mwa mayi Nasibeko muli tiyi wam'mawa basi. Pasita yonse ili m'chikwama chawo, pamwamba pa buku la nyimbo. Kirimu akudontha."



Esinati ananunkhiza. "Nkhumba? Bambo a Tamanda, amayi ndi a Sabata. Zaka zonsezi simudziwa?"

Fanuwelo analakalaka simenti itang'ambika n'kumumeza. Mayi aja analolera kuononga buku lawo la kutchalitchi kusiyana n'kukana chakudya cha mkamwini, ndipo makina a mkamwini yemweyo anawavula pamaso pa mwana wawo. Fanuwelo anagwada kuseri kwa chitseko konkuja.

Mayiwo ndiwo anayamba kulankhula, maso ali kukhoma.

"Esinati, uwauze bambowo kuti fungo lokha linali labwino. Uwauzenso kuti chinthu chawochi sichinaleredwe."

"Ndamva, amayi. Pepani," anayankha Fanuwelo, osadikira kuti mkazi wake amufikitsire uthengawo. Anali mawu ake oyamba kwa iwo.

M'mawa mwake anamata diso la Namphika ndi phula, n'kuphika yekha pasita ya nkhuku, yopserera pang'ono. Kaya mayiwo anadya kaya sanadye, palibe amene anaunika. M'mimba mwa mlendo si moti n'kusuzumiramo.

Koma za mikono inayi zija ndangowonjezera. Inali itatu, kirimu ankatakasa ndi mwendo.