Tsiku Limene A Duu Anayankhula

Mzime atamva kuti bambo ake ndi amene apite ku msonkhano wa makolo kusukulu, anapita pomwe bambowo ankasokera.

"Bwanji apite amayi?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ndipita ndine," anayankha bambo ake, maso ali pa nsalu imene ankasoka.

Bambowa anali telala. Anthu a mumsewu wawo ankawatcha a Duu chifukwa sankacheza ndi munthu. Sankayang'ana anthu kumaso, ndipo njinga yamoto ikadutsa ankatseka makutu ndi manja. Chaka chatha, phokoso la mumsika litawapanikiza, anangokhala pansi n'kuyamba kugwedezeka, anthu n'kuwaunjirira. Akazi awo atawatengera kuchipatala, dokotala anati ali ndi otizimu: anabadwa nayo, si misala, kungoti ubongo wawo umalandira zinthu mosiyana ndi wa anthu ambiri. Mzime anaona bambo ake akulira tsiku limenelo, koma kwa anzake sanatchulepo nkhaniyi.

Msonkhano unachitikira mu holo, ana akusuzumira m'mawindo. Ahedi anafotokoza za mtsikana wina wa m'kalasi ya Mzime, amene ankathawira panja belu likalira, ndipo aphunzitsi akamamuyankhula ankayang'ana kumbali.

"Ndi mwano umenewo!" anakuwa bambo wina. "Achotsedwe, angawononge ana athu!"

Ambiri anavomereza. Amayi a mtsikanayo anangoweramitsa mutu, akupotokola lamba wa chikwama chawo.

Kenaka a Duu anaimirira. Atangolandira chimkuzamawu, chinalira mobaya m'makutu. Anachiponya pa tebulo n'kutseka makutu, ndipo holo yonse inaphulika ndi kuseka.

"Iwe, si bambo ako amenewo?" mnzake wa Mzime anamugunyuza ndi chigongono. Mzime ankalakalaka nthaka itamumeza.

Koma bambo ake sanakhale pansi. Anadikira mpaka kuseka kutatha.

"Ine sukulu anandichotsa ndili wamng'ono," anayamba, akuyang'ana pansi. "Ankati ndine wamwano. Ankandimenya kuti ndiziwayang'ana kumaso, koma ndikatero mawu awo sindinkawamva. Belu linkandipweteka ngati singano m'khutu. Ndakula ndikudziona ngati chitsiru. Dzina la zimenezi ndalidziwa imvi zitamera kale. Ndi otizimu."

Panalibenso woseka.

"Sindikunena kuti mwanayu ali ngati ine, poti si ine dokotala. Koma mwa inu nonse, alipo amene anamufunsa chimene chimamuthawitsa?"

Ahedi anayang'ana aphunzitsi. Aphunzitsi anayang'anana okhaokha. Amayi a mtsikana uja anadzutsa mutu, misozi ili chuchuchu.

"Amandiuza kuti belu limamuwawa," anatero. "Ine ndimamukalipira kuti asiye zachibwana."

Si onse amene anagwirizana nazo, ndipo bambo wokuwa uja anatuluka akung'ung'udza. Komabe otsalawo anamanga mfundo yakuti mtsikanayo asachotsedwe, akaonane ndi dokotala, ndipo aphunzitsi azimuchenjeza belu lisanalire.

Mzime ankadziwa kuti bambo ake satha kupempha ngakhale madzi pagulu. Pawindo paja anazindikira kuti kunyumba kwawo nayenso sanawafunsepo chimene chimawapweteka. Ankangodandaula kuti amamuchititsa manyazi.

Anthu atabalalika, Mzime anawapeza bambo ake atakhala pa njerwa kunja kwa geti, nkhope itatuwa, akugwedezeka pang'onopang'ono. Mphamvu zonse zinali zitawathera. Anzake a Mzime ankadutsa pomwepo, ena akuloza ndi milomo.

"Tiye tizipita, iwe!" anamuitana mnzake uja.

Mzime anavula chikwama n'kukhala pa njerwa ina, pafupi ndi bambo ake koma osawakhudza, poti pa nthawi ngati imeneyi sankafuna kugwidwa.

"Pita ndi anzako, mayi," anatero a Duu movutikira. "Ine ndichedwa."

"Muchedwe, bambo," anayankha Mzime. "Tinyamukira limodzi."