Foni ya Malemu Hamisi

Chimene Macfussy anayamba kuona chinali chaching'ono: foni ya malemu Hamisi inali yofunda. Madzulo anali ataizimitsa, kuikulunga m'sokosi, n'kuitsekera m'loka yake yachitsulo. Koma m'mawa poitulutsa anaipeza ikuyaka, yofunda ngati yangochoka kumene pakhutu pa munthu, pamene chipinda chonse chinali zii ndi eyakoni.

Chipindacho chinali ku Al Asmakh, mumzinda wa Doha, m'nyumba yakale yonunkha anyezi ndi nsapato, momwe kampani inkagoneka alonda ndi madalaivala ake. Munkagona Amalawi atatu. Panali Macfussy wa ku Ntcheu, mlonda pa hotela ina ku Al Dafna. Panali Che Muhammadi, dalaivala wachikulire wa ku Namwera. Wachitatu anali Hamisi, mlonda mnzake wa Macfussy, amene anagona bwinobwino tsiku lina osadzukanso. Adokotala anati mtima. Thupi lake linali ku mochale, kudikira mawu a abale, kuti aikidwe konkuno kapena atumizidwe kumudzi.

Koma abalewo sankadziwa n'komwe kuti munthu wawo anatisiya. Pamenepa ndiye panagona nkhani.

Nambala imene kampani inali nayo sinkagwira. Macfussy, pokhala mnzake wa ponda apa nane m'pondepo, anadziguguda pamtima. "Ndiwauza ndine." Tsiku lokazindikira thupi, wa ku mochale atangotembenuka, anagwira dzanja la Hamisi n'kudinikiza chala chozizira chija pafoni. Inatseguka. Anachotsa loko wa foniyo, natuluka panja padzuwa kuti aimbe. Asanaimbe anaona voisi yatsopano yochokera kwa Raihana, mkazi wa malemu. Mawu otopa koma oseka, khanda likulira chapafupi: "Bambo a mwana, ndachira. Ndi mtsikana."

Inu, munthu ungayambire pati? Macfussy anaima pamenepo thukuta lili kamukamu. Zala zake zinalemba mawu amene ankawamva kwa Hamisi: "Alhamdulillah." Mumtima anati ndimuuza mawa, ayambe wapeza mphamvu. Mawa lija linabala mawa linzake. Raihana akafuna kuimba, iye ankalemba kuti bwana waletsa mafoni pa shifiti. Akamulembera m'Chiyao, iye ankayankha mwachidule m'Chichewa, mpaka mayiyo anamuseka kuti Doha yamuiwalitsa chilankhulo cha amake. Ndipo atafunsa kuti mwana amutche ndani, Macfussy, mayo ine, analemba kuti Sumaiya, dzina limene analiona pabaji ya mtsikana wa pa risepushoni. Usiku umenewo chakudya chinamukanika. 

"Akuti chiyani kumudzi?" Che Muhammadi ankafunsa madzulo alionse akamavula nsapato.

"Akukambiranabe, Che Muhammadi."

"Kukambirana chiyani? Msilamu sagona m'firiji ngati nkhuku. Dothi likumudikira munthu uja."

Sabata imeneyo hotela inkaonetsa filimu yakale yoopsa padenga, alendo atakhala pamakapeti kumadya mbuliwuli. Mabwana anamuika Macfussy pakhomo, choncho ankaionera madzulo alionse, afune asafune. Inali ya ku Mangalande, mitundu yake yofwifwa. Dokotala wina wa chikhoti chachitali anatenga mtembo, kuusoka, kuumangirira mawaya m'nyumba yamiyala, uku akunena kuti akuuchitira chifundo. Mtembo uja utadzuka sunathokoze. Unkayenda pang'onopang'ono, osathamanga, kufunafuna amene anaukaniza kupuma. Alendo ankafa nazo n'kuseka poona magazi onga penti. Macfussy yekha sankaseka. Ankayang'ana pansi, m'thumba mwake muli foni ya munthu amene iyenso ankamudzutsa tsiku ndi tsiku.

Usiku wotsatira foni itapezeka yofunda, anadzidzimuka kutulo osadziwa chamudzutsa. Eyakoni inkang'ung'uza, madzi ake akudontha m'ndowa, tho, tho. Kunja mphaka ankakanda m'bini. Mdima unali wa ndiweyani, kupatula timizere ta kuwala kobiriwira totuluka m'timipata ta loka, tikugwa pabedi lopanda munthu la Hamisi. Kuwalako kunkachepa, n'kuwonjezeka, ngati wina akuyendetsa chala pagalasi la foni. Macfussy anagwira kiyi wa loka amene ankagona naye m'khosi. Analipo. Anafunda bulangete kumutu, nadikira kucha.

M'mawa anapeza mameseji opita kwa Raihana, onse ofufutidwa. Amene anawalemba sanali iye.

Mphekesera nazo zinayamba. Kukhitchini alonda a ku Uganda ankanong'onezana kuti m'chipinda cha Amalawi mumamveka munthu wachitatu. Wa ku Nepal wina anasiya kudutsa pakhomo pawo, ankazungulira masitepe a kuseri. Ena ankati ku hotela lifiti imakwera yokha kukaima pamalo amene Hamisi ankalondera. Macfussy anakayikira Che Muhammadi. Kodi si iwo okha odziwa Chiyao m'nyumba muno? Koma akawayang'ana nkhope yawo yotopa ija, akupinda mkeka wawo wopempherera, ankadzimvera chisoni yekha. Wabodza ndi iye, ndiye akusakanso wina womunamizira!

Kenako kunabwera voisi ina ya Raihana. Anaimvetsera m'bafa atakhoma chitseko. "Zikomo pondiimbira usiku, bambo a mwana. Koma mawu anu amamveka patali, ngati mukulankhulira m'chitsime. Mumanjenjemeranso. Si malungo amenewo?"

 Macfussy anakhala pansi pa matailosi onyowa mpaka wina anagogoda kuti yalla, fulumira, basi ikunyamuka.

Usiku umenewo sanatseke maso. Anali atachotsa simu m'foni n'kuika simuyo pansi pa pilo wake, foniyo n'kuitsekera m'loka. Magalimoto anatha mumsewu. Che Muhammadi ankaliza mkonono. Ndiye pansi pa mkononowo, pansi pa kung'ung'uza kwa eyakoni, panayamba kumveka kanthu kena. Poyamba kanali ngati mpweya wothawa m'tayala. Kenako kanasanduka mawu, otsika, odukizadukiza, a munthu amene nsagwada zake zauma ndi chisanu. Ankachokera m'loka.

Mkonono unaleka.

"Macfussy," Che Muhammadi ananong'ona mumdimamo, "uli maso?"

"Eya."

"Ukumva?"

"Ndi eyakoni, Che Muhammadi."

"Eyakoni siyankhula Chiyao, mwanawe."

 Mawu aja anapitirira, kenako anazilala ngati wailesi yotha mabatire.

"Amati chiyani?" Macfussy anafunsa.

Mkulu uja anayankha monong'ona. "Amafunsa sanda yake. Nsalu yoyera imene timakulungira maliro athu." Bedi linalira pamene ankadzuka kukhala tsonga. "Tandiuza zoona, pano tili awiri. Kumudzi unawauzadi?"

Macfussy anaulula kuti sanawauze. Akanakonda kutukwanidwa, ngakhale kumenyedwa mbama. Che Muhammadi sanachite zimenezo. Anangopuma mozama, nati, "Astaghfirullah, Mulungu atikhululukire," n'kutembenukira kukhoma. Macfussy analira mwakachetechete ngati mwana wokodzera pamphasa, ndipo m'moyo wake wonse anali asanadzionepo wonyansa chotero.

Kunja kutayamba kuyera, mizikiti ya mu Al Asmakh itamaliza kuitana, anatenga foni yakeyake, natuluka pakhonde, naimba nambala ya Raihana. Sinalire n'komwe. Mayiyo anayankha ngati anali ataigwira kale m'manja.

"Ndinu a Macfussy?"

Macfussy anagwira khoma. Chakumbuyo kwa mawuwo kunkamveka amayi ambiri akulira chapansipansi, kulira kwa anthu amene achezera pasiwa.

"Alamu," anayamba, "ine ndili ndi uthenga wo…"

"Musavutike, alamu. Bambo a mwana andiuza okha usiku wathawu. Zonse. Za chala, za dzina la mwana." Mawu ake anali ophwa, opanda mkwiyo, ndipo zimenezo n'zimene zinamulasa kwambiri. "Ine ndayamba kale eda, ndakhala m'nyumba monga mkazi wamasiye. Amalume awo avomera kuti aikidwe komweko. Akuti atopa, kumeneko kukuzizira."

"Ndikhululukireni, alamu. Ndinkaopa… munali mutangochira…"

"Ine ndakhululuka. Ndinawapemphanso kuti nawo akukhululukireni, poti mwina munkandimvera chisoni."  Khanda linayamba kulira, wina nalitonthoza. "Sanandiyankhe msanga. Kenako anangoti, 'Ameneyo ndikamuona ndekha.' Chonde alamu, muwaike lero. Dzuwa lisanalowe."

Foni inaduka.

Macfussy anathamangira m'chipinda, navala malaya mozondotsa. "Che Muhammadi, tiyeni! Abale avomera. Tipite ku ofesi akatisainire mapepala, tikamutenge lero lomwe!"

Mkulu uja anali atakhala pabedi atavala mkanjo wake woyera. Sanadzuke. Anamuyang'ana Macfussy nthawi yaitali, maso odzaza chisoni.

"Ofesi yake iti, mwanawe?" anatero motsitsa. "Lero ndi Lachisanu, tsiku lopuma kuno. Mu Doha monse mulibe amene atsegule."