Nkhono Yatitimira mu Mchenga

Hanis ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kudya nkhomaliro pafupi ndi nyanja. Pafupi kwenikweni. Pamalo poti akatambasula mwendo, madzi amunyambite chala.

Inali nthawi ya tchuthi. Hanis anali pa ulendo. Anali ndi Ababa, Amayi ndi kamlongo kake Imran. Anachoka ku Kuantan. Ankapita kwa azakhali ku Terengganu. Msewu unkatsata nyanja.

Galimoto yawo inali yakale, yobiriwira. Mkati munali bedi. Munali sitovu. Munali kabati ya mbale. Ababa anakhoma okha zonsezi. Amayi anasoka makatani. Galimotoyo ankaitcha Nkhono, chifukwa inkayenda pang'onopang'ono itasenza nyumba yake.

Sankathamangira kulikonse. Akaona wogulitsa kokonati, ankaima. Akaona mthunzi wabwino, ankaima. Imran akalira, ankaimanso.

Tsiku lina masana, Ababa anakhotera mu kanjira ka mchenga. Kanjirako kanathera pa mitengo. Kutsogolo kwa mitengo kunali nyanja.

"Tafika. Tidyera pano," anatero Ababa.

Hanis anasuzumira pa zenera. Nyanja inali kutali ndithu.

"Ababa, sunthani pang'ono."

Ababa anasuntha pang'ono.

"Ababa, pang'ononso."

"Bambo a Hanis, mchenga uwu ndi wofewa," anatero Amayi.

"Pang'ono chabe, mayi. Mwana aone nyanja," anayankha Ababa.

Nkhono inasiya mitengo kumbuyo. Inatsetsereka pa mchenga. Kenako inaima.

Amayi anayala mkeka. Anadya mpunga wa kokonati, mazira ndi tsabola. Ababa anagona chagada, chipewa kumaso. Imran anagona pa bedi m'galimoto.

Hanis anamanga kanyumba ka mchenga. Anakamanga pafupi ndi chipika chimene chinali pagombe. Anaika chitseko cha chigoba. Anapita kukatola chigoba china.

Pobwera, kanyumba kaja kunalibe. Funde linali litakadya.

Hanis anayang'ana chipika. Madzi anali atafika pa chipika.

"Amayi, nyanja ikubwera."

Amayi anatukula mutu. Anayang'ana madzi. Anayang'ana Nkhono. Anagwedeza phewa la Ababa.

"Dzukani. Madzi akukwera. Tiyeni tichoke."

Anapinda mkeka. Analonga mbale. Ababa analiza injini.

Vuuu. Matayala anazungulira. Mchenga unauluka. Nkhono sinasunthe.

Vuuu, vuuu. Matayala anazunguliranso. Nkhono inalowa pansi.

Ababa anatsika. Anagwada. Anayang'ana matayala akumbuyo. Theka lawo linali mu mchenga. Ababa sanaseke. Masiku onse Ababa ankaseka. Tsiku limeneli sanaseke.

Anatenga fosholo. Anayamba kukumba. Anakumba, anakumba. Mchenga unkabwerera m'dzenje. Amayi anakankha. Hanis naye anakankha. Nkhono sinasunthe.

Amayi anatulutsa foni. Anaikweza m'mwamba. Foni sinkagwira.

Madzi anadutsa chipika.

Imran anadzuka. Anayamba kulira. Amayi anamunyamula. Ndi dzanja linalo anayamba kutulutsa katundu. Mapilo, zovala, mapoto. Zonse ankapita nazo ku mitengo.

"Amayi, mukutulutsiranji katundu?" anafunsa Hanis.

Amayi ananyamula poto wina.

"Madzi akalowa, zisanyowe," anatero.

"Nanga Nkhono?"

Amayi anangoyang'ana Ababa. Ababa ankakumbabe. Malaya awo anali atanyowa ndi thukuta.

Kenako Amayi anagwada pamaso pa Hanis.

"Hanis, ukuwaona madenga awo, kuseri kwa mitengo ya kokonati?"

"Ndikuwaona."

"Ndi mudzi wa asodzi. Bambo ako sangasiye kukumba. Ine ndili ndi Imran ndi katundu. Iwe ndiwe wa liwiro. Pita ukaitane anthu."

Hanis anali wamanyazi. Akaona mlendo, ankabisala kuseri kwa Amayi. Akafunsidwa dzina, ankayang'ana pansi.

"Ndekha?"

"Wekha, mwanangu. Udzere kumtunda, kufupi ndi mitengo. Usaponde m'madzi. Maso anga akhala pa iwe."

Hanis anayang'ana nyanja. Chipika chija chinali chikuyandama.

Hanis anathamanga.

Mchenga unali wotentha. Unkagwira mapazi. Patapata imodzi inavuka. Hanis sanaitole. Anathamanga, anathamanga.

Anafika m'mudzi. M'mudzi munali zii. Pagombe panalibe maboti. Amuna onse anali ku nyanja.

Anaima pa nyumba yoyamba. Anapereka moni ndi mawu aang'ono.

"Asalamu alaikumu."

Palibe anayankha. Mphaka yekha anatsegula diso limodzi.

Anaima pa nyumba yachiwiri.

"Asalamu alaikumu."

Palibe anayankha. Nkhuku zokha zinkapalasa pansi pa nyumba.

Kenako anamva wailesi. Anamva kuseka. Anaona utsi kuseri kwa shedi. Kumeneko amayi a m'mudzi ankayanika tinsomba pa mphasa.

Hanis anayamba kupita. Mwadzidzidzi anaima.

Pakati pa njira panagona njati. Inali njati yoweta, yokoka ngolo ya nsomba. Koma inali yaikulu. Inali yakuda bii. Nyanga zake zinali zazitali kuposa mikono ya Ababa. Inamuyang'ana Hanis. Inapumira m'mphuno. Fuuu.

Hanis anayesa kuitana ali pomwepo.

"Tithandizeni," ananong'ona.

Amayi aja sanamve. Wailesi inkaimba.

"Tithandizeni," anateronso.

Sanamvebe. Ankaseka nkhani zawo.

Hanis anacheuka. Kutali uko anaona Nkhono, kakang'ono, kobiriwira. Anaona thovu loyera pafupi nayo. Pafupi kwambiri.

Hanis anakoka mpweya wambiri.

"Tithandizeni! Galimoto yathu ikumira!"

Wailesi inazimitsidwa. Mitu yonse inatembenuka.

Mayi wina wamtali anabwera akupukuta manja. Anali a Mak Cik Rohana, eni ake a njati. Kumeneko mayi aliyense wamkulu amamutcha Mak Cik, kutanthauza azakhali.

"Iwe mwana, wachokera kuti? Talankhula bwino."

"Galimoto yathu yatitimira mu mchenga, Mak Cik. Uko. Madzi akubwera. Ababa akukumba. Sikutuluka."

A Mak Cik Rohana anaphimba maso ndi dzanja. Anayang'ana kumene Hanis ankaloza. Anayang'ana nyanja.

"Anzanga, siyani nsomba," anatero. "Tengani matabwa. Tengani masamba a kokonati. Wina abweretse chingwe cha boti."

Amayi aja anabalalika. A Mak Cik Rohana anamenya njati pa msana.

"Bulat, dzuka. Wagona mokwanira, mlesi iwe."

Bulat anadzuka pang'onopang'ono. A Mak Cik Rohana anamuveka goli. Bulat anayenda pang'ono. Anaona udzu. Anaima. Anayamba kudya.

"Mak Cik, tichedwa," anatero Hanis. Misozi inali m'maso.

A Mak Cik Rohana analowa m'shedi. Anatuluka ndi phava la nthochi. Analiika m'manja mwa Hanis.

"Bulat samvera mawu. Amamvera nthochi. Ine ndigwira chingwe. Iwe tsogola."

"Patsogolo pa nyanga?"

"Patsogolo pa nyanga. Sagunda munthu ameneyu. Vuto lake ndi dyera basi."

Hanis anayandikira Bulat. Anathyola nthochi imodzi. Anaitambasula. Mphuno yonyowa inamukhudza zala. Nthochi inasowa.

Hanis anayenda. Bulat anamutsata. Hanis anafulumira. Bulat anafulumira. Hanis ankamva mpweya wotentha pa msana. Fuuu, fuuu. Sanacheuke.

Kumbuyo kunkabwera amayi a m'mudzi. Matabwa pa mapewa. Masamba a kokonati akukhwekhwereza pansi.

Atafika, madzi anali atakhudza matayala. Dzenje limene Ababa anakumba linali litadzaza madzi. Ababa anali chogwada m'madzimo. Ankakumba ndi manja.

A Mak Cik Rohana anaima, manja m'chiuno.

"Achimwene, galimotoyi mukuiphunzitsa kusambira?"

"Yakana kuphunzira, achemwali," anayankha Ababa. Mawu awo anali osasa.

"Chabwino. Phwetsani matayala pang'ono. Tikuikirani matabwa."

Ababa anaphwetsa matayala. Amayi a m'mudzi analowetsa matabwa pansi. Anayala masamba a kokonati mpaka ku mitengo. A Mak Cik Rohana anamanga chingwe ku Nkhono. Anachimanganso ku goli la Bulat.

Ababa anakwera. Analiza injini. Amayi onse anaika manja pa galimoto.

"Tiyeni," anatero a Mak Cik Rohana.

Vuuu. Chingwe chinakungika. Nkhono inagwedezeka. Inakwera pang'ono. Kenako inabwerera m'dzenje.

Funde lalikulu linabwera. Phwaa. Linanyowetsa masiketi. Linamenya chitseko cha Nkhono. Linatenga thabwa limodzi n'kupita nalo.

Imran analira ku mitengo. Amayi ake anamukumbatira. Milomo yawo inkapemphera.

"Tiyeserenso," anatero a Mak Cik Rohana. "Bulat, koka."

Koma Bulat sanakoke. Madzi ozizira anali atafika m'mapazi mwake. Njati imakonda madzi. Bulat anapinda mwendo umodzi. Ankafuna kugona.

"Ayi, Bulat. Osati pano," anatero a Mak Cik Rohana. Anamukoka. Anamukalipira. Bulat anapinda mwendo wachiwiri.

Funde lina linkabwera. Linali lalikulu kuposa loyamba.

Hanis anayang'ana m'manja mwake. Munatsala nthochi imodzi. Zina zonse Bulat anali atadya m'njira.

Anapita pamaso pa Bulat. Anaima pakati pa nyanga. Anasenda nthochi ija. Anaiyandikitsa pa mphuno.

"Bulat, bwera," anatero.

Bulat ananunkhiza. Anatambasula khosi. Hanis anabwerera m'mbuyo.

"Bwera, Bulat."

Bulat anawongola mwendo umodzi. Hanis anabwereranso m'mbuyo.

"Bwera."

Bulat anawongola mwendo wachiwiri. Anatsitsa mutu. Anaponda mwamphamvu. Chingwe chinalira.

"Tsopano, achimwene," anatero a Mak Cik Rohana.

Vuuu. Amayi a m'mudzi anakankha. Bulat anakoka. Matayala anagwira thabwa. Anagwira masamba. Nkhono inatuluka m'dzenje.

Phwaa. Funde lija linagwa pamene Nkhono inali. Linapeza dzenje lokha.

Hanis ankayendabe cham'mbuyo. Bulat ankamutsatabe. Nkhono inkawatsata. Anayenda, anayenda, mpaka pansi pa mitengo. Pamenepo nthaka inali yolimba.

Hanis anatambasula dzanja. Bulat anadya nthochi yake.

Amayi a m'mudzi anakhala pansi. Ankapuma wefuwefu. Kenako mmodzi anayamba kuseka. Wina anaseka. Onse anaseka.

"Amuna athu akabwera tiwauza," anatero a Mak Cik Rohana. "Iwo agwira tinsomba. Ife tavuula galimoto."

Amayi a Hanis anayatsa sitovu. Anaphika tiyi wa mkaka. Makapu anachepa, ndiye ena anamwera m'mbale. Mtsikana wina anathamangira kumudzi. Anabwera ndi keropok, zokazinga za nsomba, zikadali zotentha. Anabweranso ndi patapata ya Hanis.

Ababa anathokoza mayi aliyense. Anathokozanso Bulat. Bulat sanawayang'ane n'komwe. Anali atagona m'thawale.

Dzuwa litapendeka, amayi aja anabwerera ku nsomba zawo. Hanis anawabayibitsa mpaka anasowa kuseri kwa mitengo.

Ababa anakhala pa khomo la Nkhono. Hanis anakhala pambali pawo. Ababa anagwira kapu ya tiyi. Tiyi ankagwedezeka m'kapumo.

"Ababa, manja anu akunjenjemera."

"Inde, mwanangu."

"Mukumva kuzizira?"

"Ayi. Ndinachita mantha."

Hanis anadabwa. Sankadziwa kuti Ababa nawo amachita mantha.

"Inenso ndinachita mantha," anatero.

"Ndinakuona," anatero Ababa. "Unachita mantha, koma sunaime."

Hanis anatenga kapu ija. Anaiika pansi. Anagwira manja a Ababa ndi manja ake onse awiri. Anali ozizira, odzaza mchenga.

Amayi anabwera ndi Imran. Anakhala mbali inayo. Imran anaika kadzanja kake pamwamba. Kanali konata ndi tiyi.

Anakhala choncho, onse anayi, pa khomo la Nkhono. Pang'onopang'ono, manja a Ababa anasiya kunjenjemera.