Mutu Waukulu wa Alifase

Rufina ankatsuka mbale kuseri kwa nyumba. Amayi adafika kuchokera ku Fonte Boa. Adatsitsa dengu pansi.

"Ababa anu akubwera mawa," adatero Amayi. "Akufuna kuona alifase wanu."

Efijenia, mkulu wake wa Rufina, adamwetulira. Rufina sadamwetulire.

Ababa ankaphika m'nyumba ya Apwitikizi ku Vila Coutinho. Ndiwo adabweretsa mbewu za alifase. Alifase ndi ndiwo zamasamba. Amakulunga mutu ngati kabichi. Amadyedwa wosaphika.

Pochoka, Ababa adati, "Muzithirira m'mawa. Musathyole masamba. Uyu si mpiru."

Mwana aliyense adali ndi mzere wake m'dimba. Efijenia ankathirira ndi kudikira. Rufina ankathirira, koma sankadikira. Tsamba likakula, ankalithyola. Ankathyola monga amathyolera mpiru.

Tsopano mzere wa Efijenia udali ndi mitu. Mzere wa Rufina udalibe mitu.

Rufina adasiya mbale. Adatsikira ku dimba yekha. Adayang'ana mzere wake. Adayang'ana mzere wa Efijenia. Kumapeto kwa mzerewo kudali mutu waukulu. Udali wobiriwira. Udali wolimba.

"Ababa adzayamika Efijenia yekha," adatero Rufina.

Mtima wake udatentha. Adagwira mutu waukulu uja. Adathyola tsamba. Adathyola lina. Adathyolanso lina. Mutu waukulu udasanduka waung'ono.

Madzulo Efijenia adapita kukathirira. Adaona masamba pansi. Adaonanso mapazi aang'ono m'matope. Adatola masambawo, nakapatsa mbira. Kenako adathirira mzere wake. Adathiriranso mzere wa Rufina.

M'mawa Ababa adafika pa njinga. Onse adatsikira ku dimba. Rufina ankayenda m'mbuyo.

"Mitu yabwino iyi," adatero Ababa. "Nanga uwu? Mbuzi idalowa?"

Rufina adayang'ana pansi.

"Uwo ndi wa Rufina, Ababa," adatero Efijenia.

"Wanga?" adafunsa Rufina.

"Wako. Kodi waiwala kambande kofota kaja? Udakataya pa tsiku lookera. Ine ndidakatola. Mu mzere wako mudalibe malo. Ndidakaoka kuno. Ndimafuna kuti iwenso uonetse Ababa mutu wako."

Rufina adayang'ana mutu adauthyola uja.

Ababa adagwada. Adafinya mutuwo ndi zala. "Mtima wake ulipo," adatero. "Ndi wolimba. Tidya womwewu."

Adaudula ndi mpeni. Kunyumba adautsuka ndi madzi ozizira. Adathira mchere. Adafinyira ndimu.

"Masamba osaphika," adaseka Amayi. "Mwatisandutsa mbira, bambo a Efijenia."

"Lawani kaye, mayi," adatero Ababa.

Onse adakhala pa mphasa. Ababa adapemphera. Amayi adaluma tsamba. Lidalira khwa, khwa. Efijenia adaluma tsamba. Lidalira khwa, khwa. Amayi adatenganso lina.

Rufina sadadye. Efijenia adasankha tsamba loyera la m'kati. Adaliika m'dzanja la Rufina.

"Idya," adatero. "Mbewu zatsala. Tidzafesa limodzi. Ndidzakuphunzitsa kudikira."

Rufina adayang'ana tsamba lija. Adayang'ana Ababa ndi Amayi. Kenako adagwada pamaso pa Efijenia. Adalankhula mokweza kuti onse amve.

"Si mbuzi ayi. Ndine ndidathyola. Ndidachita nsanje. Akulu anga, ndikhululukireni."