Bolodi Yopsa ya ku Nkhudzi

Mnyamatayo anatsika pa njinga yamoto m'mawa, chikwama cha zipangizo kumsana, n'kulunjika kukhitchini kwa loji ina ya ku Nkhudzi ngati anakulira pomwepo. Palibe anamuitana.

"Asalaamu alaikumu. Ndamva kuti makina otsukira mbale afa."

Safia, mtsikana wotsuka mbale palojipo, anayankha moniwo maso ali pansi. Zovala zake anali atamanga kale. Amanijala, mayi Mwanamvua, anali atamuuza mosabisa: "Eni loji akubwera Loweruka. Ndiwauza kuti unathira madzi pa bolodi yoyendetsa makinawa. Ntchito yako ithera pomwepo!"

Akanakana bwanji? Makinawo anazima mwezi watha, tsiku lomwe Oscar, chibwenzi chake cha ku Joni, anatumiza uthenga wakuti: "Ndakwatira kuno. Unkandikayikira kwambiri." Oscar yemwe uja ankati, "Duwa langa, ndikangotsika basi, ukwati!" Tsikulo Safia ankakolopa akulira. Mwina madzi anathovukiradi pamakinapo, adziwa ndani? Kuyambira pamenepo za amuna sankafunanso kumva. Amjomba ake atabwera ndi mawu a mnyamata wina wa ku Namwera, dzina lake Atumani, iye anangoti, "Ndisamuone n'komwe!"

"Dzina lanu ndani, achimwene?" anafunsa Safia.

"Tiyambe tadziwa dzina la matendawa. Tagwirani tochi."

Mlendoyo anayeza pa soketi. Magetsi ankafika bwinobwino. Anamasula chitseko cha makinawo n'kutulutsa bolodi yonunkha kupsa.

"Sunthirani kuno, sindiluma. Madzi akalowa amasiya dzimbiri lobiriwira. Mukuliona?"

"Ayi."

"Jenereta ikakankha magetsi ochuluka, kamayamba kuphulika ndi kachipangizo aka kakumayambiriro. Taonani, kali ndi moyo. Ndiye si madzi, si jenereta."

Safia anayandikitsa tochi.

Mnyamatayo anatembenuza bolodi ija pang'onopang'ono. Kuseri kwake kunali nalimata wouma gwa, wakuda bii, mutu pa waya wina, mchira pa wina.

"Chigawenga ndi ichi! Chinkafuna pofunda, n'kugonera mawaya awiri nthawi imodzi. Ofuna ziwiri nthawi imodzi amathera pomwepa."

Safia anaseka mpaka tochi inagwa. Anali ataiwala kuti amatha kuseka.

"Achemwali," anatero mlendoyo motsitsa mawu, "si chilichonse chakufa chomwe munapha ndinu."

Misozi inalengeza m'maso mwa Safia. Kodi munthuyu ankanena za makina okha?

Mayi Mwanamvua atabwera, anagwira pakamwa. "Ii, nalimata! Pepa mwanawe, kamasule katundu wako. Nanga inu bambo, wakutumani ndani?"

"Bolodi yatsopano ibwera Lachisanu, mayi. Kabowo kolowera abale a nalimatayu nditsekanso."

Anangotero, n'kukwera njinga yake.

Masana onse Safia ankatsuka mbale pamanja akumwetulira yekha. Kenako foni inalira. Uthenga wochokera ku nambala yachilendo!

"Wogwira tochi wanga, kumwetulira kwanu kwandisokeretsa njira ya kwathu. Lachisanu ndibwere ndekha, kapena nditume wina?"

"Nambala yanga mwaitenga kuti?"

"Kwa amene anandiuza kuti mwana wa mlongo wawo akulirira mlandu wa nalimata. Munati musandione. Ndinaopa kuti ndikatchula dzina, muthawira kunyanja ndisanamasule ndi chitseko chomwe."

Safia anakhala pansi, thovu la sopo likadali m'manja. Amjomba! Analemba, anafufuta, analembanso.

"Musatume wina. Koma dzinalo ndikufuna ndilimve kwa mwini wake."

Foni inalira, ulendo uno osati uthenga. Anaiyika kukhutu.

"Ndine Atumani, Safia. Wa ku Namwera uja."