Tambula ya Pazenera la a Krsto

Tinafika kunyanja dzuwa litangolowa, tonse atatu thukuta lili kamukamu, kagalimoto kathu kakununkha nkhuku yowotcha ndi tomato wophwanyika. Tinali titanyamuka kwathu ku Serbia kusanache. Mwamuna wanga, Radoje, ankati wogula chakudya kunyanja mutu wake sukoka, ndiye chaka chilichonse tinkanyamula mbatata, tsabola, mafuta ophikira, mpaka anyezi. Mwana wathu Dunja ankakhala pamwamba pa matumba kumbuyo.

"Zorka, mabotolo a mowa aja wawaika bwino?" anandifunsa kachisanu tikudutsa tauni ya Kotor.

"Yang'anani msewu, bambo inu. Mabotolo alibe miyendo."

Ife sitinkapita kunyanja kukawotha dzuwa ngati ena. Tinkapitira Dunja. Anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi ndipo ankadwala mphumu. Tauni yathu ndi ya utsi wa mafakitale, ndipo nyengo yozizira yapitayo anagonekedwa kuchipatala kawiri. Usiku m'chifuwa mwake munkalira ngati kamwana ka mphaka. Dokotala sanabise mawu. Anati masabata atatu kunyanja, osachotsako ngakhale tsiku limodzi, apo ayi chisanu chikubweracho sakutilonjeza kanthu.

Zaka zitatu zotsatana tinkafikira kwa a Krsto ndi akazi awo mayi Darinka, m'kamudzi ka nyumba zamiyala kufupi ndi Risan. Alendo akabwera, iwo ankasamukira m'chipinda chapansi chosungira vinyo, ife n'kutipatsa chipinda chawo chapamwamba choyang'ana kunyanja. A Krsto anakalambira pa sitima zapamadzi. M'mawa uliwonse kusanayere ankagogoda katatu pachitseko ndi kaliwo wawo, n'kumutenga Dunja pabwato kukapuma mphepo ya pakati pa madzi. Akamabwera mwana ali mbee kuseka, chifuwa chili zii.

Tsiku limenelo a Krsto ndinakumana nawo pamtengo wa mkuyu wa pachipata. Nkhope yawo inali papepala lolengeza maliro, la m'mbali mwakuda, lokhomedwa ndi timisomali tinayi.

Mayi Darinka anatuluka atavala zakuda. Anandikumbatira osalira, misozi inali itawathera.

"Lero ndi tsiku la makumi awiri ndi asanu ndi awiri chimwalirireni," anatero. "Mtima. Anagwa akukonza ukonde."

"Ndiye osatilembera bwanji, mayi?"

"Mukanabwera? Ndiye mwanayu bwanji? Zipinda zinazo muli Majeremani, koma chanu ndi chomwe chija. Mwini wake akanafuna choncho."

Anatikweza pamwamba. Zenera linali lotsekula, ndipo pamenepo panali tambula yodzaza madzi ndi thaulo loyera lopinda bwino. Sindinafunikire kuuzidwa. Kwathunso timadziwa kuti munthu akamwalira amazungulira pakhomo pake masiku makumi anayi asanapite kopitako, ndipo amamva ludzu.

"Zinthu ziwiri zokha, mwana wanga," anatero mayi Darinka. "Zenerali musatseke. Tambulayi musaikhudze."

Atatuluka, Radoje anaseka chapansipansi. "Munthu wakhala zaka makumi asanu akumwa vinyo, lero wayamba madzi?"

"Tsekani pakamwa, mwana akumva."

Usikuwo mphepo yozizira inatsika m'mapiri. Cha pakati pa usiku Dunja anayamba kutsokomola, kenako kubanika. Ndinadzuka, ndinatseka zenera, ndinamupopera mankhwala. Kukhosi kwake kunali gwa. "Madzi, amayi," ananong'ona. Mpopi unali panja, pansi pa masitepe makumi awiri, mumdima. Tambula inali pamphuno panga. Kunena zoona sindinaganize n'komwe. Ndinamumwetsa yonse.

Anagona. Radoje anali mkonono gwedegwede kuyambira kalekale. Ine ndinangokhala m'mphepete mwa bedi, tambula ili m'manja.

Kusanayere ndinamva kugogoda. Go, go, go. Osati pachitseko ayi. Pazenera. Zenera limenelo lili pamwamba, pansi pake pali khoma losalala ndi nyanja basi.

Ndinaika tambula pansi.

Go, go, go.

M'chipinda munalowa fungo la fodya wa m'kaliwo. Dunja anatembenuka, maso ali otseka, n'kunena bwinobwino kuti, "Ndikubwera, agogo." Ndinamugwira mwendo mpaka kunja kutayera.

M'mawa ndinawauza mayi Darinka. Anali akuphika khofi, ndipo anangomuyang'ana akusefukira pamoto osamuchotsa.

"Wamwa yonse?"

"Yonse."

Mayi wina woyandikana nawo, amene anabwera kudzabwereka mchere, anapanga chizindikiro cha mtanda. "Womwera tambula imodzi ndi malemu," anatero, "amakhala mnzake wa paulendo."

"Choka apa ndi mchere wakowo!" anakalipa mayi Darinka. Kenako anatembenukira kwa ine. "Krsto sanapwetekepo mwana wa munthu."

"Pamene anali moyo," ndinayankha. Ndinaona kuti zawabaya, koma sindinabweze mawu.

Madzulo ndinadzaza tambula, ndinatsekula zenera, ndinapepesa chamumtima. Ndinaganiza kuti zatha. Kutopa kwa ulendo ndi kusagona kunandigwetsa ngati thumba.

Chinandidzutsa ndi bata. Bedi la Dunja linali lopanda munthu, chitseko chili pululu.

Ndinatsika masitepe osavala nsapato. Kuseri kwa nyumba kuli masitepe ena amiyala olowa m'nyanja. Dunja anali pamenepo m'diresi lake logonera, madzi akumulekeza m'mawondo. Bwato la a Krsto, limene masana linali patali ndithu pa chingwe chake, linali litafika pafupi penipeni, kukhudza mwala mwakachetechete. M'bwatomo munaima munthu, atagwira nkhafi ziwiri moimirira monga amapalasira akumeneko. Chipewa ndinachidziwa. Mapewa aja ndinawadziwa. Anali atandifulatira.

Dunja anakweza phazi.

Sindikudziwa mmene ndinadumphira. Ndinangopezeka m'madzi, nditamukwapatira pachifuwa. Mkwiyo unaposa mantha.

"A Krsto," ndinatero, "wolakwa ndine. Zenera ndinatseka ndine, madzi ndinamwetsa ndine. Ngati pali mlandu, kambani ndi ine. Mwanayu ayi."

Sanatembenuke. Bwato linayamba kubwerera pang'onopang'ono, popanda nkhafi kukhudza madzi, mpaka chingwe chinakungika. Nditaphethira, munalibe munthu.

"Amayi, mwatichedwetsa," anatero Dunja. "Agogo akuti dzuwa lituluka."

Radoje atamva, nkhope inachita mbuu. Uyu ndi munthu amene ankati mizimu ndi nkhani za anthu osapita kusukulu.

"Longedza. Tikunyamuka pompano."

"Kupita kuti?"

"Kunyumba!"

"Ku utsi kuja? Atakhala kunyanja masiku awiri? Munamumva dokotala, kapena munali kuwerenga mabotolo?"

Anakwera galimoto kukafuna chipinda china. Anafika mpaka ku Herceg Novi, khomo ndi khomo. Unali mwezi wa Ogasiti, anthu ankagona m'magalimoto ndi pansi pa mitengo. Anabwera madzulo chimanjamanja.

"Zorka, iwe ukufuna kulimbana ndi wakufa?"

"Kwatsala masiku khumi ndi limodzi. Iwo apita, ife titsala. Mwana wanga sindimupereka kwa a Krsto, komanso sindimupereka ku chisanu. Mukafuna kupita, galimoto ndi yanu."

Sanapite. Koma kuyambira tsikulo ankagona atavala nsapato.

Ndinamasula chingwe choyanikira zovala. Mbali ina ndinamanga pakakolo pa Dunja, ina padzanja langa, mfundo zitatu zitatu, zachisawawa zomwe ndimamangira matumba a anyezi. Masana ndinkagona pang'ono, Radoje akumuyang'anira pagombe. Usiku ndinkakhala pansi, msana utatsamira chitseko, khofi ali pambali. Madzulo aliwonse ndinkadzaza tambula. M'mawa uliwonse inkapezeka youma, thaulo lili lonyowa.

Ndipo tsiku lililonse kusanayere, go, go, go, kumbuyo kwa msana wanga.

"Ayi," ndinkatero.

Amaima pamenepo kanthawi. Ndinkamva thabwa likulira pansi pa phazi lawo. Dunja ankadzuka n'kukhala tsonga, chingwe n'kukungika, ine n'kuchikulunga padzanja mpaka zala kuchita dzanzi. Kenako mapazi ankatsika masitepe, amodzi amodzi, olemera ngati a munthu wokhumudwa.

Chimene sindinkafuna kuvomera n'chakuti mwana sankachira. Zaka zina zija pofika tsiku lachisanu chifuwa chinkakhala chitamasuka. Ulendo uno kamphaka kaja kankalirabe, tsiku ndi tsiku kukulirakulira. Radoje anati amutenge yekha pabwato masana. Ndinakana. Bwato limenelo sindinkafuna ngakhale kuliona.

"Ukumutsekera mankhwala ake," anatero mayi Darinka tsiku lina tikusankha tirigu wophikira mwambo wa tsiku la makumi anayi.

"Ndiye ndimutsegulire? Mukunditsimikizira kuti amubweza?"

Anangopitiriza kusankha tirigu.

Usiku womaliza Dunja anabanika kuposa kale lonse. Ndinapopera kawiri, katatu, osathandiza. Nthiti zinkachita kulowa mkati, milomo ikuda. Radoje anathamangira galimoto kukatenga dokotala ku Kotor, msewu wokhotakhota wozungulira nyanja yonse. Ndinatsala ndekha. Ndinakoka kabedi kake kufupi ndi chitseko, dzanja limodzi pachifuwa pake, lina pachingwe. Ndinkaopa kwambiri. Ndinkaona kuti mwana akundithawa m'manja, ndipo ndinalibenso china choti ndichite.

Go, go, go.

"Ayi."

Go, go, go. Tsiku limenelo anabwereza. Sanachitepo choncho chigonere ine pakhomopo.

"Ndati ayi, a Krsto! Mawa ndi ulendo wanu, pitani nokha!"

Fungo la fodya linadzaza chipinda. Ndinakulunga chingwe kanayi, ndinatsamira chitseko ndi msana wonse. Ndikulumbira pamaso pa Mulungu, sindinagone. Maso anga anali pakhoma, ndikuwerenga mpweya wa mwana wanga. Khoma linali lakuda. Kenako khoma lomwelo linali ndi dzuwa.

M'chipinda munali zii.

Zaka zisanu ndi chimodzi ndinali ndisanamvepo bata lotero pafupi ndi mwana wanga. Ndinadziwa tanthauzo lake. Ndinalephera kukuwa. Ndinakwawa ndi mawondo, ndinaika khutu pachifuwa pake.

Mpweya unalowa, wautali, wosalala, mpaka pansi. Unatuluka. Unalowanso. Milomo inali yofiira. Ndinalira ngati mwana, nkhope ili m'tsitsi lake, ndipo m'pamene ndinazindikira kuti tsitsilo linali lonyowa. Ndinalawa mchere pamilomo panga. M'munsi mwa diresi lake munali chinyezi, ndipo pakati pa zala za kumapazi panali kaudzu kobiriwira ka m'nyanja.

Chitseko chinali chikadali kumsana kwanga, chokhoma. Chingwe chinali chikadali padzanja langa, mfundo zanga zitatu zili momwemo. Ndinatsatira chingwecho mpaka pakakolo pake. Pamenepo mfundo zanga panalibe. Panali mfundo imodzi yokha, yaudongo, yopindidwa mwaluso, imene ine sindinaionepo chibadwire.

Radoje anafika ndi dokotala dzuwa litakwera. Dokotalayo anamvetsera kutsogolo, anamvetsera kumsana, kenako anamuyang'ana Radoje mokwiya. "Mwandidzutsira mwana ameneyu?" Radoje anagwada kuti amasule chingwe dokotala asanafunse zambiri. Analimbana nacho ndi zala, ndi mano, osatheka.

Pofika masana, anthu akuchokera kumanda, nkhani inali itazungulira mudzi. Ena ankanong'ona kuti a Krsto anamutengadi mwana kuti apite naye, koma anabwerera pakati pa nyanja chifukwa cha kuuma mutu kwa mayi wa ku Serbia uja. Ena ankati ayi, masiku onsewo ankangofuna ulendo umodzi womaliza, ndipo mayiyo akanatsegula msanga mwana sakanavutika. Mpaka lero sindidziwa ngati ndinamuteteza kapena ndinangotsala pang'ono kumupha. Zimandiwawabe.

Koma m'mawa uja, Radoje akufunafuna mpeni, mayi Darinka analowa. Anayang'ana pakakolo pa Dunja nthawi yaitali. Anagwada movutikira, anagwira kansonga ka chingwe ndi zala ziwiri, n'kukoka pang'ono. Mfundo yonse inangoti balala.

"Mwaidziwa, mayi?" ndinafunsa.

Anasisita mwendo wa mwanayo, ndipo misozi imene ndinkayesa kuti inawathera inatsika.

"Zaka makumi anayi ndi zitatu ndakhala ndikuiona," anatero. "Bwato lake sankamanga chonchi ayi. Ankamanga chonchi akabwereka bwato la eni ake, pobweza."